Khonde langa liopse bwanji pa Halloween ndi madola 40 okha?

Amake Mapasa

Moni abale. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene munazichitapo.

Tikukhala ku America, m'nyumba ya lendi yokhala ndi kakhonde ka masitepe atatu, zenera limodzi lalikulu loyang'ana kumsewu, ndi kapinga pang'ono kutsogolo. Okutobala akangoyamba, msewu wathu wonse umasanduka kumanda pokonzekera Halloween, usiku wa pa 31 Okutobala pamene ana amavala zoopsa n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Aneba oyang'anizana nafe aimika chimafupa chija chotalika mafiti 12, chimene sitolo ya Home Depot inayamba kugulitsa mu 2020 pamtengo wa madola pafupifupi 300. Usiku wonse maso ake amangophethira. Mapasa anga ali ndi zaka 7, ndiye pochokera kusukulu nyimbo ndi imodzimodzi: "Amayi, pakhomo pathu pokha ndi pamene palibe kanthu."

Madola 300 ogulira mafupa a pulasitiki, ine ayi. Ndapatula madola 40, osapitirira. Ndinalowa m'sitolo kuti ndione zimene zilipo, ndinangogwira njakata. Zigaza, mileme ya labala, akangaude aubweya, mfiti yoseka munthu akadutsa pafupi, koma chilichonse ndikachinyamula m'manja chikungooneka chidole. Komabe ndikamayenda mumsewu usiku ndimaona kusiyana. Nyumba ina aunjika zinthu zodula pakapinga ponse, ana amangodutsa akuseka. Ina ili ndi kanthu kamodzi kokha pazenera, koma tikamayandikira mapasa amandigwira dzanja mwamphamvu. Chinsinsi chake n'chiyani?

Ndifunsenso ziwiri. Dzungu ndiliseme liti kuti lisawole tsiku la 31 lisanafike? Nanga utsi woyenda pansi uja amaupanga ndi chiyani, ndipo kodi ulibe vuto kwa ana? Eni nyumba anakaniza kukhoma misomali, choncho chilichonse chikhale choti pa 1 Novembala ndichotse osasiya chipsera pakhoma.

Wamagetsi

Amake Mapasa, yankho mwaliona kale ndi maso anu, kungoti simunalitchule. Nyumba yachiwiri ija ikuopsa chifukwa cha mdima. Ine ntchito yanga ndi yoyatsa magetsi m'maholo a zisudzo, ndipo pa ntchito imeneyi timadya chifukwa munthu amaopa chimene akuchiona theka. Chigaza cha pulasitiki pansi pa babu lowala ndi pulasitiki basi, mpaka mzere umene anachilumikizira kufakitale umaoneka. Chigaza chomwecho muchiike pakona, kuwala kofooka kuzichimenya kuchokera pansi, mutu wa mwana umamaliza wokha zotsalazo.

Choncho pa madola 40 anuwo yambani ndi nyali, zina pambuyo. Gulani tinyali tiwiri ta LED tozika m'dothi tija, kamodzi kobiriwira, kena kapepo, mutiike pansi tiloze m'mwamba. Maso athu anazolowera kuwala kochokera kumwamba, kwa dzuwa ndi kwa babu la kudenga. Kukachokera pansi, mithunzi ya pankhope imatembenuka: mphuno imaponya mthunzi chakumphumi, masaya amaphimba maso. Yesani lero lomwe, ikani tochi pachibwano cha mmodzi wa mapasawo, muona mnzakeyo akubwerera m'mbuyo. Nyali yoteroyo mukaizika patsinde pa chitsamba, nthambi zimajambula zala zazitali pakhoma lonse, osalipira kalikonse.

Koma nyali ya pakhonde musazimitse. Kuno aliyense amadziwa kuti khonde lozima ndiye kuti pakhomopo sapereka maswiti, ana adzangokudutsani. Ingochotsani babu loyeralo muikepo la olenji lofooka, masitepe azioneka.

Kenako sankhani nkhani imodzi. Aneba anu ounjika aja vuto lawo ndi lomwelo: mfiti ili apa, chigawenga cha panyanja apo, dzungu lopopa mpweya likumwetulira pakati pawo, diso silidziwa poyang'ana. Inu chuma chanu ndi zenera lija. Pezani katoni yaikulu, ya firiji kapena ya wailesi ya kanema, mujambulepo munthu woima chammbali, mutu utapendekera mbali imodzi, zala zitatalika pang'ono kuposa za munthu weniweni. Dulani, pentani chakuda, muimike m'kati mwa zenera. Kumbuyo kwake pachikani nsalu yoyera ya pabedi, kuseri kwa nsaluyo nyali imodzi. Osamuikira maso, osamuikira mano, anthu ambiri amaonongera pamenepo. Ndiyeno tsiku lililonse muzimusuntha pang'ono. Lero ali kumanzere kwa zenera, mawa wafika pakati, mkuja dzanja lili pagalasi. Ana amene amadutsa mumsewumo m'mawa ndi madzulo adzazindikira okha, ndipo nkhani idzafika kusukulu musanaiuze munthu.

Pakhonde ikanipo mzukwa umodzi, ndipo uwu mapasa angapange okha. Mufunika nsalu yopyapyala yosefera ija ya cheesecloth, guluu woyera wa kusukulu, baluni, botolo la malita awiri ndi waya wa hang'ala. Dzazani madzi m'botolo kuti lisagwe, fufumitsani baluni muimatire pakamwa pake, wayayo mumukulunge m'khosi mwa botolo atambasuke mbali zonse ziwiri, ndiyo mikono. Sungunulani guluu ndi madzi pang'ono, viikani nsalu, finyani, mufunditse chonsecho. M'munsi muisiye itakhwinyata pansi, poti ikauma idzaimira pomwepo. Mawa lake phulitsani baluni, solani botolo ndi waya, mupeza mzukwa waima wokha, m'kati mulibe kanthu. Lowetsanimo kandulo ya batire. Ena amagwiritsa sitachi wa zovala m'malo mwa guluu, zimatheka, koma chinyontho chimaufooketsa msanga. Ngakhale wa guluuyo mvula sagwirizana nayo, choncho ukhale pansi pa denga la khonde.

Ngati ndalama zatsalako, babu la black light, lotulutsa kuwala kwa ultraviolet kumene maso sakuona bwino, ndi labwino. Nsalu yoyera yochapidwa ndi sopo waufa imawala mwabuluu pansi pa babu limeneli, chifukwa sopo wambiri amamuthira mankhwala owalitsa zovala. Tonic water nayenso amawala chimodzimodzi chifukwa cha kwinini amene ali m'katimo. Thirani m'mabotolo akale a jamu, mundandalike pawindo, mwapeza mankhwala a mfiti.

Pali china chimene ndimachikonda ine, mwina cha chaka chamawa. Mu 1862 ku London, John Henry Pepper anaonetsa mzukwa pasiteji pogwiritsa njira imene Henry Dircks anaiganiza, ndipo mpaka lero njirayi imadziwika ndi dzina la Pepper. Galasi loonekera limaimikidwa chopingasa madigiri 45 pakati pa oonerera ndi malo amdima. Kumbali, kumene oonerera sakuonako, kumakhala chinthu chowalitsidwa kwambiri. Galasi limabweza chithunzi chake, koma poti limaonekeranso, munthu amaona chinthucho chikuyandama, khoma la kumbuyo likuonekera m'thupi mwake. Mizukwa yovina ya mu Haunted Mansion ku Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1969, imayendera nzeru yomweyi. Kunyumba zimatheka ndi katoni yopentedwa chakuda m'kati, galasi la fulemu ya chithunzi, ndi foni yoonetsa nkhope pamalo akuda bii.

Za utsi, njira zake ndi ziwiri. Pali makina amene amatenthetsa madzi osakaniza ndi glycol kapena glycerin. Utsi wake umatuluka wofunda, ndiye umakwera m'mwamba. Kuti uyende pansi amaudutsitsa m'bokosi la ayezi, ukazizira umalemera n'kumakwawa pakapinga. Njira ina ndi dry ice, mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa ngati ayezi, woponya m'madzi otentha. Ine ndingati chaka chino zisiyeni. Makina okha adzadya ndalama yanu pafupifupi yonse, ndipo kamphepo kakangowomba utsi wonse umathera kwa aneba.

Mawaya a panja akhale opangidwira panja, alowe pa soketi ya GFCI ija yokhala ndi timabatani tiwiri, imene imadzizimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira m'madzi. Polumikizira pasagone pakapinga ponyowa, ndipo waya asadutse panjira imene ana adzayendepo mumdima.

Mlamu wa ku Derry

A Wamagetsi anena zomveka, ine ndingoyankha za dzungu, poti ndikukhala kumene mwambowu unachokera. Kuno ku Derry, ku Northern Ireland, mzinda wonse umavala pa Halloween, chikondwerero chake chinayamba m'ma 1980 ndipo anthu amachokera kutali kudzaonerera. Kale ku Ireland ndi ku Scotland nthawi imeneyi inali ya Samhain, kutha kwa zokolola ndi kuyamba kwa dzinja lozizira, pamene ankati akufa amayandikira amoyo. Mpingo unaika tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala, ziwirizi n'kukumana pa usiku wa 31. Anthu a kuno sankasema maungu, ankasema mizu ya turnip, yolimba koopsa, ndipo pali nthano ya Jack amene ananyenga Satana, n'kukanidwa kumwamba ndi kumoto komwe, mpaka lero akungoyendayenda ndi khala la moto m'kati mwa turnip. Anthu ambiri atathawira ku America pa njala imene inayamba mu 1845, anakapeza maungu, aakulu ndi ofewa kusema. Ku nyumba yosungira zakale ya ku Castlebar, ku Ireland, kuli chifanizo cha turnip wosemedwa wa ku Donegal. Ndi kanthu kakang'ono, maso ongong'amba, timano tothinana, khungu lotuwa. Dzungu lililonse limene ndaonapo silifika pamenepo kuopsa kwake. Choncho mukamasema, achemwali, maso muchepetse. Maso aakulu a makona atatu aja amaseketsa.

Dzungu losasema limakhala milungu yambiri pamalo ozizira. Mukangolilasa mpeni, masiku ake ndi atatu mpaka asanu, kukatentha osafika n'komwe, limayamba kukhwinyata m'milomo ndi kuchita chuku m'kati. Ndiye gulani pano mitengo isanakwere, muliike pakhonde lathunthu, ana alijambule nkhope ndi cholembera chakuda. Kusema pa 29 kapena pa 30.

Potsegula, dulani kunsi, osati kumwamba kuli phesi. Mukatero chivundikiro sichigwera m'kati likayamba kufota, ndipo mumangolivundikira pamwamba pa nyali. Palani m'kati ndi supuni mpaka matumbo onse atha, poti chonyowa chotsala ndicho chimayambitsa kuwola. Ena amalitsuka ndi madzi othira bulichi pang'ono, ena viniga chifukwa choopa agologolo ndi mbalame zimene zimadzadya. Modulamo pakani Vaseline kuti musaume msanga. Kukakhala kuti usiku kugwa chisanu choumitsa madzi, lilowetseni m'nyumba, chifukwa likauma n'kusungunuka limasanduka phala.

Mukafuna ziliza za manda pakapinga, zoyera zopepuka zimabwera m'katoni ya firiji zija, za polystyrene, ndi zokwanira. Lembani mawu ndi kampeni, pakani penti ya madzi yotuwa, kenako yakuda yosungunula kwambiri muilole iyenderere yokha kuti chioneke chakale. Penti yopopera m'chitini musayese, imadya polystyrene mukuona. Ndipo muzizike ndi timitengo tiwiri kumbuyo, apo ayi m'mawa mukazitola kumsewu wina. Kuno mphepo ya Okutobala sichita manyazi.

Chimene ndimadana nacho ndi ukonde wa kangaude wa m'mapaketi uja, wa thonje lonyenga, ukaikidwa panja pa zitsamba. Mbalame zing'onozing'ono, njuchi, ngakhale mileme yeniyeni zimakodwamo. Uikeni m'kati mwa zenera, ndipo muukoke mpaka upyapyale kwambiri, poti ukakhala mibulu umangooneka thonje. Wa panja lukani ndi chingwe choyera, mipata yake ikhale yaikulu.

Bambo wa Kwaya

Ine abale za mizukwa ndi manda pakhomo panga sindiika, mtima wanga sulola, ndipo sindikuweruza aliyense. Ndimaika maungu amitundumitundu pamasitepe, mapesi a chimanga omanga pansanamira, masamba ouma ndi tinyali ta olenji. Ana akagogoda ndimawapatsa maswiti monga aliyense. Ndangonena kuti amene akuwerenga adziwe kuti nayonso ndi njira, ndipo zokongoletsa zanga zimakhala mpaka Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha kumapeto kwa Novembala.

Nesi wa Usiku

Achemwali, ine ndilankhula monga munthu amene amalandira zotsatira zake kuchipatala. Sabata yomaliza ya Okutobala timasoka manja. Munthu wagwira dzungu ndi dzanja lamanzere, lamanja likukankha mpeni wa kukhitchini, mpeni wakanirira m'khungu, iye n'kuwonjezera mphamvu, kenako waboola n'kutulukira m'chikhatho. Misempha ya zala ikaduka, kuchira kwake ndi miyezi. Gulani timacheka ting'onoting'ono tosemera maungu tija, sitidula ndalama ndipo sitithwa kunsonga. Manja akhale ouma, dzungu likhale patebulo. Mapasa a zaka 7 ajambule ndi kupala m'kati, kudula n'kwanu.

Dry ice ndi mpweya wa carbon dioxide wouma, kuzizira kwake ndi madigiri 78.5 a Celsius pansi pa ziro. Mukamugwira ndi dzanja amawotcha khungu, choncho pamafunika magolovesi okhuthala kapena chopanira. Asaikidwe m'botolo lotseka, limaphulika. Asaponyedwe m'zakumwa za ana. Ndipo chimene anthu sadziwa n'chakuti mpweya wake ndi wolemera kuposa umene timapuma, umadikha pansi, pomwe pali mphuno ya mwana wokwawa ndi ya galu. Panja palibe vuto kwenikweni, koma m'chipinda chotseka ayi, ndipo pomunyamula pagalimoto mawindo akhale otsegula.

Makandulo enieni pamasitepe musaike. Ana amabwera atavala mikanjo yaitali ya nayiloni, zophimba kumaso zikuwatchinga maso, akukankhana pofuna kufika pakhomo. Nsalu imeneyo ikakhudza lawi simuizimitsa msanga. A batire amaphethira bwinobwino ngati enieni. Nyali zothwanima mofulumira zija, za strobe, zimatha kugwetsa ana ena odwala khunyu, ndiye pakhonde pofika aliyense si malo ake.

Kumbukiraninso amene amayamba kugogoda. Dzuwa lisanalowe amabwera a zaka ziwiri, zitatu, atagwira dzanja la amayi awo, wina wavala ngati njuchi. Chinthu chodumpha ndi kukuwa mwadzidzidzi chimawaliritsa mpaka kunyumba. Munthu wa pazenera amene anena a Wamagetsi ndamukonda pa chifukwa chimenechi: wamkulu amamuona n'kuchita nthumanzi, wamng'ono sazindikira n'komwe.

Chinthu chimodzi ndikupemphani, poti m'masitolo amagulitsa ndipo mlendo sangadziwe. Musapachike chifanizo cha munthu pamtengo ndi chingwe m'khosi. Dziko lino lili ndi mbiri yowawa ya anthu akuda amene ankaphedwa ndi magulu a anthu n'kupachikidwa m'mitengo, ndipo aneba anu sadzaona Halloween pamenepo. Chimodzimodzi mtembo wonamizira wogoneka pakapinga utapakidwa magazi: odutsa amaimbira 911, apolisi n'kubwera.

Mukakhala ndi dzungu lina, lipenteni mtundu wa teal, wa pakati pa buluu ndi wobiriwira. Bungwe la FARE, loona za anthu amene thupi lawo limadana ndi zakudya zina, linafalitsa chizindikiro chimenechi dziko lonse mu 2014. Chimauza makolo a ana amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena mkaka kuti pakhomopo pali tina tosadya, monga masitika ndi mapensulo. Muziike m'mbale yakeyake, osasakaniza ndi maswiti.

Amake Mapasa

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Anesi, za chingwe m'khosi mwachita bwino kunena, ndinazionadi zikugulitsidwa. A Bambo wa Kwaya, mapesi aja ndawakonda, ndimangako pansanamira imodzi.

Katoni tapeza kwa aneba amene agula makina ochapira. Mapasa amugoneka bambo awo pakatonipo n'kuwazungulira ndi choko, kenako tatalikitsa zala ndi khosi. Akuti dzina lake ndi Alendo. Akangana kale za amene azimusuntha m'mawa, tagwirizana kuti azisinthana. Mzukwa wa guluu ukuuma m'bafa, mikono yake yakhota, wina uli m'mwamba wina m'munsi, ndipo ndaukonda choncho. Ndagula tinyali tiwiri, babu la olenji, makandulo a batire ndi dzungu limodzi, ndalama yatsalako ya maswiti. Utsi ndausiya.

Koma pali vuto. Kutsogolo kwa nyumba kuli nyali ya mumsewu yowala kwambiri, ndipo tikaima panja Alendo sakuoneka bwino, galasi likungobweza kuwala. Komanso nsalu ija ndiipachike ndi chiyani popanda msomali?

Wamagetsi

Nyali ya mumsewu simungalimbane nayo pakapinga, koma pazenera mungaigonjetse. Galasi limasanduka kalilole kunja kukawala kuposa m'kati, ndiye onjezerani kuwala kuseri kwa nsalu. Ikani babu lamphamvu, lisunthireni kutali ndi nsalu pafupifupi mita imodzi kuti kuwala kufalikire ponse m'malo mopanga dontho limodzi lowala pakati, ndipo zimitsani nyali zina zonse za m'chipindamo. Alendo akhale pafupi kwambiri ndi galasi, m'mbali mwake muzioneka mwakuthwa. Babu likhale la LED, losatentha, poti pali nsalu ndi katoni pafupi. Tinyali tiwiri tija tisunthireni kumbali ya khonde imene nyumba yanu ikutchinga nyali ya mumsewu, kumeneko ndiye kuli mdima wanu.

Nsalu ipachikeni pa ndodo ya makatani yokhala ndi sipuling'i m'kati, yongokanikiza pakati pa mbali ziwiri za zenera, yonga ya m'bafa ija. Zopepuka zina gwiritsani timbedza tomata tochotseka, koma pochotsa muzikoka kalilime kake molunjika pansi pang'onopang'ono, mukakokera kwa inu kamachoka ndi penti.

Mukamaliza, dikirani kude, muwoloke msewu, munjute mpaka maso anu afike pamsinkhu wa mapasa, muyang'ane kuchokera pamenepo. Chimene chikuoneka bwino kwambiri muchibise pang'ono. Makina a utsi ngati mukuwafunabe, pitani kusitolo pa 1 Novembala m'mawa, za Halloween zambiri amazitsitsa mtengo ndi theka.